Tidzagawana pakati

Mawu akuti "pakati" amaoneka osavuta. Nzimbe timaithyola pakati, chambo timaching'amba pakati, thumba la chimanga la makilogalamu 50 tikaligawa pakati aliyense amanyamula theka lake, 25. Ine ndinkayesa munda nawonso n'chimodzimodzi, ndipo maganizo amenewo anagonetsa ana anga ndi njala.

Ndinali ndi maekala awiri kwathu ku Mponela, koma feteleza ndinalibe. Alamu anga anabwera ndi matumba anayi, awiri a feteleza wokulitsa, awiri a wobereketsa. "Alamu, munda ndi wanu, feteleza ndi wanga, tidzagawana pakati," anatero. Tinagwirana chanza popanda mboni.

Chimanga chitayamba kumasula, mtima unayamba kundinamiza kuti pokolola adzandidyera masuku pamutu. Ndine ndinayambitsa nkhaniyo: "Bwanji tidule mundawu pano, aliyense aziona kwake?" Tinakoka chingwe kuchokera pamtengo wa mango mpaka pamsewu, kuwerenga mizere kuti ifanane. Ndinathamangira kusankha kumunsi, kufupi ndi dambo, poti chimanga chake chinali chobiriwira bii. Alamu anatsala ndi kumtunda kwa chulu, osanena kanthu.

Mvula ya mu Febuluwale inagwa usana ndi usiku. Kumunsi madzi anaima pakati pa mizere, masamba anasanduka achikasu, mapesi anagwa m'matope. Ndinakolola matumba 7, alamu 23.

Ndinakadandaula kwa amfumu kuti pangano linali logawana pakati. Anandifunsa funso limodzi: "Munagawana munda kapena zokolola?" Ndinagwetsa nkhope, chifukwa chingwe ndinagwira ndekha. Theka la malo ndinalandiradi, koma theka la malo si theka la chakudya. Ndikanadikira kuti chimanga chilowe m'matumba, aliyense akanatuta 15. Alamu anandinyamulira matumba atatu pa ngolo yawo, akuti ana a mlongo wawo asafe ndi njala. Munthu amene ndinkamukayikira ndi amene anatidyetsa.

Safunsa anadya phula. Inu amene mukulima ndi mnzanu chaka chino, akanena kuti "tidzagawana pakati", funsani kuti pakati pa chiyani: munda, matumba kapena ndalama mutachotsa za feteleza. Muitane mboni, mulembe papepala, ndipo zomwe mwagwirizana musazisinthe chimanga chili m'munda.