Maliro a Malume ndi Matemba a ku Kachulu

Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, malipiro anga anayamba kuthera m'njira. Ndikalandira kumapeto kwa mwezi, pofika pa 10 ndinkakhala nditayamba kale kuzembera njira yakuseri kuti mwini okala asandione. Kuntchito kwathu, mumzinda wa Zomba, aliyense anali atagwira kageni kake. Mayi wolandira alendo ankagulitsa zitenje zomwe ankabisa m'kabati ya mafaelo, dalaivala ankaweta zinziri, mesenjala ankakongoza ndalama zakatapila kwa ife tomwe timamutuma. Wongokhala manja lende n'kumadikira kuti mwezi uthe ndinali ine ndekha.

Chinandizunguza mutu ndi gulu lina la pa WhatsApp lomwe mnzanga anandilowetsamo. Mbandakucha uliwonse munkagwa mauthenga a anyamata ovala masuti, ophunzitsa za kulemera. Malamulo awo anali osavuta kuloweza: dzuka 4 koloko, lemba ndondomeko ya tsiku lako ola ndi ola, ndipo pa geni usadyetse munthu wapakati, pita kugwero. Ndinagula kope lachikuto cholimba n'kuyamba kudzuka 4 koloko. Poti nthawi imeneyo panalibe choti ndichite, ndinkangokhala pabalaza n'kumawerengera chuma cha eni ake.

M'kuwerengeramo ndi momwe ndinatulukira matemba. Mumsika wa Zomba kamulu kosadzaza n'chikhatho chomwe kankadya ndalama yoti n'kukwerera minibasi, chonsecho nyanja ya Chilwa ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 30 okha. Ndinaona kuti pakati pa msodzi ndi mbale yanga pali anthu ambiri ongodya thukuta la anzawo, ndipo ndinatsimikiza zowadumpha onsewo. Mpamba ndinalibe, koma mayi akunyumba ali m'banki m'khonde.

"Bambo a Chikondi," anandifunsa, "kodi nsomba munayamba mwagulapo yoposa ndiwo za tsiku limodzi?"

Ndinawayankha kuti bizinesi ili m'mutu, osati m'manja. Anapuma mozama, koma ngongoleyo anakaitenga, m'dzina lawo.

Ndondomeko inkafuna kuti ndigule Lachisanu kuti Loweruka ndiyambe kugulitsa, ndiye panafunika chifukwa chojombera kuntchito. Lachinayi madzulo ndinalowa mu ofesi ya abwana nkhope ili khuma, n'kuwauza kuti malume anga atisiya kumudzi, ku Jali. N'kuti malumewo ali gwa, akupuntha mpunga wawo. Abwana anaimirira, nandigwira dzanja ndi manja onse awiri. "Pitani bwino, mukatipepesere kwa onse."

Unali mwezi wa Juni 2024. Ndinakwera njinga yamoto ya kabaza pa Matawale, nditavala nsapato zanga zachikopa zakuntchito, chifukwa anyamata a masuti aja ankati wabizinesi amadziwika ndi kuphazi. Tinadya fumbi kudutsa pa Govala, phiri la Mpyupyu likutiyang'ana, mpaka kukafika padoko la Kachulu 9 koloko itangokwana. M'kope ndinali nditalemba kuti: 9:00 kugula, 11:00 kubwerera, 2:00 kuika m'timapepala.

Koma padokopo ntchito inali itatha kalekale. Nsomba inatuluka kusanache, ndipo matemba anali atayanikidwa kale pamathandala, akung'anima padzuwa. Zomwe sindinkadziwa n'zakuti nsomba yambiri imafika pamtunda ili ndi mwini wake. Amayi ageni amapatsiratu asodzi ufa, mchere ndi ndalama asanalowe m'madzi, ndiye bwato likamakocheza aliyense amadziwa ndowa yake. Mlendo wa nsapato zopolisha amangopeza ntchentche.

Mayi wina wojintcha, atamanga chitenje m'chiuno pamwamba pa kachikwama ka ndalama, anandiitana. "Achimwene, mukufuna zigoba zingati? Ouma bwino awa, adzana." Anatchula mtengo. Kunena mosabisa unali wotsika kwambiri poyerekeza ndi wa m'tauni, moti ndikanagula pomwepo bwenzi nkhomaliro nditakadyera kunyumba, phindu lili m'thumba. Koma kope linkati kugwero.

"Mayi, ine sindigula kwa ogulitsa. Ndikufuna kwa mwini khoka."

Anayang'ana nsapato zanga kaye, kenako nkhope. "Mwini khoka ali m'katimo, kuzimbowera. Muyende bwino."

Mnyamata wina yemwe ankamvetsera anadzipereka kundipezera bwato, ndipo atalipeza anatambasula dzanja. Ameneyo ndiye munthu wapakati woyamba amene ndinamulipira pa ulendo wanga wothawa anthu apakati. Wachiwiri anali mwini bwato, mkulu wa imvi ndi mano owerengeka, yemwe anatenga ndalama ya kupita ndi kubwera tisananyamuke.

David Livingstone atafika panyanjayi mu Epulo 1859 anaima m'mbali, naiyang'ana, n'kubwerera. Ine ndinalowamo. Bwato lathu linalibe injini. Madala ankalikankha ndi nsungwi yaitali, chifukwa Chilwa ndi yosaya moti malo ambiri nsungwi imagunda pansi. Imalandira madzi a Domasi, Likangala, Thondwe, Phalombe ndi mitsinje ina, koma palibe mtsinje wotulutsa. Madzi ake amachoka ndi dzuwa basi, n'chifukwa chake ali ndi kamchere komanso amabwera ndi kupita mmene afunira. Madala anandiuza kuti mu 1995 anayenda wapansi kuchokera pa Kachulu mpaka pachilumba cha Chisi, pamatope ong'aluka. Bambo awo ankasimba zomwezo za 1968. Mu 2018 mabwato anagona pamatope, ndipo namondwe wa Freddy atadutsa mu Malichi 2023 madzi anakwera mpaka kumiza malo omwe anthu ankalimapo.

Nkhani zonsezi ndinkazimva ndi khutu limodzi, maso ali pawotchi.

"Tifika nthawi yanji, Madala?"

"Tifika."

Tinalowa m'tinjira ta m'njedza, momwe kutsogolo ndi kumbuyo kumafanana, ndipo dzuwa lili pamutu tinatulukira pachimbowera. Amene sanaonepo asaganize za nyumba. Asodzi amapinda ndi kudula njedza, n'kuzisanjikiza mpaka zitakhala nsanja yoyandama, pamwamba pake n'kumangapo kakhumbi kolowa chokwawa. Pakati amathira dothi kuti moto wophikira usabowole pansi. Ukaponda, pansi ponse pamanjenjemera ngati waponda matiresi onyowa, ndipo madzi amasuzumira m'mbali mwa phazi. Amuna amakhala pamenepa masabata, ena miyezi, osaona mtunda. Madzi akumwa, osamba ndi chimbudzi, zonse ndi nyanja yomweyo. Ndinkakumbukira bwino kuti mu 2016 kolera itavuta azaumoyo anachita kugawira asodzi a m'zimbowera katemera wakumwa, ndiye atandipatsa kapu ya madzi ndinakana mwaulemu. Pofika madzulo ndinali ndikumwa tiyi wawo n'kumadzitonthoza kuti madzi ake awira. Zomwe ndinamwa pakati pa usiku sindinena.

Khoka linabwera ndi matemba aawisi, akuphiriphitha. Atatchula mtengo wa ndowa, mtima wanga unadumpha. Ndinatulutsa kope, ndinachulukitsa, ndipo ndinaona malata atsopano padenga la kunyumba. Ndinagula ndi mpamba wonse, n'kungosiya ya kabaza.

"Muyanika pati, abwana?" anafunsa mwini khoka.

"Kutauni."

Anayang'ana Madala. Madala anayang'ana madzi. Palibe anawonjezera mawu, ndipo ine ndinayesa kuti agoma nane. Ndinathira matembawo m'matumba a feteleza okhala ndi pulasitiki m'kati, n'kumanga kukamwa zolimba kuti ntchentche zisalowe.

Tsopano ndimadziwa zomwe mwana aliyense wa pa Kachulu amadziwa asanayambe sukulu. Temba likatuluka m'madzi limafuna kumwazidwa padzuwa ndi pamphepo nthawi yomweyo, apo ayi mimba imaphulika n'kuyamba kusungunuka. Likauma limanyala, moti ndowa zomwe wagula si ndowa zomwe udzagulitse. Mtengo womwe mayi uja ananditchulira munali thandala lake, tsiku lathunthu lotembenuza ndi kuingitsa akhwangwala, komanso ufa umene anakongoza msodzi. Amenewo ndiwo anthu omwe ndinkati amangodya thukuta la anzawo.

Cha m'ma 2 koloko, nthawi yoika m'timapepala malinga ndi kope, mwera unayamba. Njedza zinagona mbali imodzi, madzi anasanduka ofiirira, timafunde tatifupi tikumenya chimbowera mosalekeza. Madala anasuzumira kunja kwa njedza, komwe tinayenera kudutsa poyera, n'kukhala pansi.

"Lero sitiwoloka."

Ndinachonderera, ndinakalipa, ndinawakumbutsa kuti ndalama yobwerera analandira kale. Pomaliza ndinawatsegulira kope kuti aone okha mmene tachedwera. Analiyang'ana nthawi yaitali, napempha ngati ndingawagawire tsamba limenelo. Ndinaganiza kuti mkuluyu wakhudzidwa, akufuna kuphunzira kusunga nthawi. Anang'amba bwinobwino, n'kupichira fodya wawo wachingambwe. Ndondomeko yanga yonse, kuyambira 9:00 mpaka madzulo, inatulukira m'mphuno mwa Madala.

Foni inathera moto ndikuikweza m'mwamba kusaka netiweki, ndisanauze ndi mayi akunyumba omwe kuti ndili kuti. Usiku wa Juni pamadzi ndi wozizira kufika m'mafupa, koma udzudzu wa m'njedza sudziwa zoti kukuzizira. Asodzi anandibwereka thumba loti ndifunde, nandipatsa nsima ya mlamba wowamba, yomwe mpaka lero ndimati sindinadyepo ina yokoma chotero. Akuluakulu amati tsoka silinunkha. Langa linayamba kununkha cha pakati pa usiku, kuchokera pakona pomwe ndinaunjika matumba, ndipo pofika mbandakucha eni chimbowera anali atawakankhira kumapeto kwenikweni, kumene mphepo imapita.

Kutacha ndinapita kumphepete kukadzithandiza. Palibe anandiuza kuti kumphepete njedza zimakhala zowola. Mwendo wakumanja unalowa mpaka m'ntchafu, anthu awiri anachita kundizula, ndipo nsapato inatsala komweko. Wina anandipatsa patapata wakumanzere, woduka chingwe, womangidwa ndi waya.

Mphepo itagona tinabwerera ku Kachulu. Mayi uja anali pamalo ake omwe aja. Anamasula thumba limodzi, nabwerera m'mbuyo masitepe awiri atagwira mphuno ndi chitenje.

"Awa ndi a nkhuku, achimwene."

Anawagula onse kuti akawaumitse n'kugulitsa kwa osakaniza chakudya cha ziweto, pamtengo umene ndikautchula pano mayi akunyumba angayambirenso kulira. Kenako anandikulungira matemba ouma m'kapepala kuti ndikapatse ana, nauza dalaivala wa kalole konyamula nsomba zake kuti anditengeko pamwamba pa katundu. Ndikukwera anandilembera nambala yake pachikuto cha kope.

"Ulendo wina mudzangoimba. Anzanu onse a m'tauni amatumiza ndalama pafoni, ine n'kukweza katundu pagalimoto. Palibe amabwera kuno."

Ndinkayesa kuti zathera pomwepo. Nditakhota pakona ya kwathu Loweruka masana, ndinaona galimoto ya kuntchito itaima pakhomo. Komiti yathu yoona za mavuto inali itasonkhetsa chipepeso. Anayesa kundiimbira osandipeza, ndiye anabwera kudzafunsa njira ya kusiwa ku Jali. Mayi akunyumba anawayalira mkeka pakhonde, nawaphikira tiyi, osatsutsa kanthu komanso osavomera kanthu. Atandiona ndikulowa pachipata, phazi lina nsapato lina patapata, buluku lili matope mpaka m'chiuno, ananena mofatsa kuti: "Afika anamfedwa aja."

Onse anaimirira. Wachiwiri kwa abwana anabwera kudzandigwira dzanja, koma atatsala pang'ono kundifika anaima, mphuno itakwinyika.

"Pepani ndi zovutazi. Mwambo wayenda bwanji?"

"Wayenda bwino," ndinatero, mawu akutuluka okha.

Mayi wa zitenje uja anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi. "Kodi malumewo anachita kumira?"

Mwina ndikanavomera, chifukwa bodza likayamba limafuna linzake. Koma Chikondi anatulukira kuseri kwa nyumba akuthamanga, akukuwa kuti: "Adadi abwera! Adadi, matemba ogulitsa aja ali kuti?"

Envelopu ya chipepeso inabwerera mmene inabwerera, osatsegulidwa. Lolemba ndinalandira kalata yochenjeza, Lachisanu lija analichotsa pamasiku anga atchuthi, ndipo mpaka pano ndikalowa mu ofesi mochedwa wina amafunsa kuti lero tataya ndani. Gulu la pa WhatsApp ndinatulukamo mwakachetechete. Ngongole ya kubanki m'khonde ikudulidwa pamalipiro omwe aja ndinkati ndi ochepa. Nambala ya pachikuto cha kope anaikopera mayi akunyumba, ndipo ndi iwo amene tsopano amagulitsa matemba a ku Chilwa m'dera lathu lonse, osapondako ku Kachulu ngakhale kamodzi. Ine ntchito yanga ndi kukatenga thumba pasiteji.

Nkhani inafika ku Jali sabata isanathe. Malume anatumiza uthenga kuti poti ndinawaika m'manda opanda nsalu, pakhomo pawo ndisapondepo ndisanabweretse tambala ndi bulangete. Tambala ndapeza kale. Bulangete likudikira kuti ngongole ithe.