Ulendo wa ku Canada unathera pa Mwanza Boma

Mwana wa mchemwali wanga anakhoza mayeso a MSCE ndi mapointi 26. Kwathu kwa Nthache tsikulo kunali nthungululu, poti mtsikanayu ankaphunzira pa sekondale yoyendera, ya CDSS, kumene kalasi yonse imalimbirana buku limodzi. Amayi ake anavina mpaka chitenje kumasuka. Ine, monga malume wake komanso mwinimbumba, ndinalengeza pomwepo kuti za ku koleji andisiyire. Palibe anatsutsa. Pa banja pathu ndine ndekha amene ndinagwirako ntchito ku Blantyre, ndipo ngakhale inali ya ulonda wa pageti, nyuzipepala zonse zimene abwana ankataya ndinkaziwerenga mpaka tsamba la zamaliro.

Mapointi a MANEB amayenda chafutambuyo: ochepa ndiwo abwino. Phunziro lililonse limapatsidwa 1 mpaka 9. Wapeza 3 mpaka 6 ndiye kuti ali ndi kirediti, 7 ndi 8 wangopulumuka, 9 wagwa. Amaphatikiza maphunziro asanu ndi limodzi amene mwana wachita bwino koposa, choncho katswiri weniweni amakhala ndi mapointi 6, pamene wa makirediti a m'mphepete okhaokha amafika 36. Wathuyu anali pakati. Chichewa 2, Agriculture 3, Geography 4, Chingerezi 5, Biology ndi Masamu 6 aliyense. Chemistry ndi Physics anangopulumuka. Yunivesite za boma zimafuna makirediti asanu ndi imodzi kuphatikizapo ya Chingerezi, ndipo iye anali nawo. Nditamva zimenezo ndinaleka kumvetsera. M'mutu mwanga mwana anali atalowa kale.

Chinandilimbitsa mtima china chinali kota. Ndinauza aliyense wondifunsa, ngakhale wosandifunsa, kuti boma lililonse lili ndi malo ake osungidwa ku yunivesite, ndipo Mwanza, poti ndi boma laling'ono la anthu ongopitirira pang'ono 130,000 pa kalembera wa 2018, opikisana nawo ndi owerengeka. Ndinafotokoza zimenezi ku tchalitchi, pa bawo, ngakhale pa maliro. Zinali zoona m'masiku amene ndinkalondera geti, Bingu wa Mutharika atabwezeretsa ndondomekoyo. Koma kota inathetsedwa mu 2020, ine ndili kumunda, nyuzipepala za abwana nditasiyana nazo kalekale. Mwana wa kwa Nthache anali kupikisana ndi wa ku Marymount ndi wa ku Likuni, pointi kwa pointi.

Fomu yofunsira malo imadzera ku bungwe la NCHE, lomwe limayendetsa kasankhidwe ka ophunzira a yunivesite zonse za boma pamodzi: UNIMA ku Zomba, MUBAS ndi KUHeS, LUANAR, Mzuni ndi MUST ya ku Thyolo. Tinakwera njinga yamoto kupita pa boma kukadzaza pa intaneti. Mtsikanayu anali atalemba pakapepala zimene ankafuna, zaulimi ndi zauphunzitsi.

"Amalume, aphunzitsi anati ndisankhe zogwirizana ndi maphunziro amene ndinakhoza bwino," anatero chapansipansi.

"Iwe, ulimi tikuudziwa kale. Ukachoke kuno kukaphunzira khasu? Lemba udokotala."

Analemba. Kenaka uinjiniya, kenaka uinjiniya wina. Ndinafunanso zamalamulo, koma mnyamata wa pa kompyuta anandiuza kuti kumeneko munthu salowa molunjika kuchokera ku Fomu 4. Ndinamuyang'ana ngati amene akundibisira kanthu. Pansi pa pulogalamu iliyonse panali timizere tonena maphunziro amene akufunika, ndipo pa udokotala timizereto tinkatchula Chemistry ndi Physics yemweyo. Magalasi ndinali nditawasiya kunyumba, komanso kunena chilungamo ndikanakhala nawo sindikanawerenga.

Mndandanda wa osankhidwa utatuluka tinaufufuza pa foni kuchokera pamwamba mpaka pansi, kenaka kuchokera pansi mpaka pamwamba. Dzina lake munalibe. Mnzake amene ankakhala naye desiki imodzi, wa mapointi osasiyana kwenikweni, anapeza malo pa zauphunzitsi. Sindikunena kuti wathuyu akanasankhidwa ndithu. Malo ndi ochepa, ndipo chaka chilichonse ana ambiri okwanitsa zofunika amatsala. Koma ine ndinamuimika pa mzere umene sakanafika n'komwe pa windo.

Munthu wanzeru akanakhala pansi apa. Ine ndinati vuto ndi Malawi.

Ndiye pa gulu lina la WhatsApp panafika uthenga wa sikolashipu ya ku Canada: fizi yonse, malo ogona, tikiti ya ndege, ndipo mawu amene anandigwira mtima, akuti mapointi alionse osapitirira 36 ndi olandiridwa. Ndinaimba. Anayankha bambo wa mawu odekha, wodziwa ulemu, amene ankandiitana kuti "madala" n'kumasakaniza Chingerezi chosalala. Anati ana a mapointi apakati ndiwo azungu akuwafuna, chifukwa ndi olimbikira ndipo sadzikuza. Ndinamva ngati akunena za banja lathu lonse.

Anafuna kandalama ka fomu. Ndinatumiza pa foni. Kalata inabwera ya chidindo chofiira, dzina la mwana litalembedwa mokhotakhota, ndi nambala yake ya wophunzira. Kenaka ya inshulansi. Kenaka ya viza. Kenaka ina yoti akuti fayilo iyende msanga. Mbuzi zinapita. Zitatha mbuzi ndinaitana venda wa ku Limbe n'kumugulitsa manachesi a m'munda wa mchemwali wanga akadali obiriwira mumtengo, pa mtengo umene venda mwiniwakeyo anachita kundifunsanso ngati ndatsimikiza. Aliyense wa ku Mwanza akudziwa kuti manachesi ndiwo banki yathu, ndipo wogulitsa asanapse amakhala kuti wapanikizika kapena wapenga.

Mtsikanayu anayesa kundichenjeza. Anati anamva kuti sikolashipu yeniyeni salipiritsa, ndipo za maiko ngati China ndi India zimadzera ku boma n'kulengezedwa poyera. Anatinso aphunzitsi ake amuuza za makoleji a uphunzitsi wa ku pulayimale, ma TTC ngati a Blantyre, Chiradzulu ndi Machinga, ndi za ntchito zamanja za TEVETA ku Soche kapena ku Nasawa, ndipo masiku otsekera kulandira makalata akuyandikira.

"Munthu wopita ku Canada alembe kalata yofunsira zowotcherera?" ndinamufunsa. Sanayankhe. Masikuwo anadutsa.

Phwando lotsanzikana ndinaliitanitsa ndekha. Thobwa anafulula, nkhuku zinafa, abusa anapemphera kuti ndege iyende bwino pamwamba pa nyanja. Panali perekaniperekani. Mayi wina wamasiye anapereka bulangete lake latsopano, poti anamva kuti kumeneko madzi amauma ndi chisanu. Alamu anga anagula chijekete cha pa kaunjika cholemera ngati thumba la feteleza. Ine ndinalankhula kwa nthawi yaitali za kufunika kwa malume woona patali.

Sabata yotsatira ndinapita pa boma kukajambulitsa kalata ija kuti tikayambe za pasipoti. Pamzere, kutsogolo kwanga, panali bambo wa kumbali ya Thambani, naye atagwira envulopu mosamala. Tinapatsana moni, ndipo poti tonse tinali ndi nkhani yofuna kudzitama nayo, sipanatenge nthawi. Mwana wake wamwamuna akupita ku Canada. Ndinati nanenso. Tinagwirana chanza mwamphamvu, n'kuyamba kupangana zoti anawa akakhale mipando yoyandikana m'ndege. Mtsikana wa pa makina ndiye anaika makalata awiriwo pamodzi, n'kuwayang'ana, n'kutiyang'ana.

"Pepani madala, nambala ya wophunzira ndi imodzimodzi. Ndipo muli achitatu kubwera nayo."

Tinatuluka panja kukaimba. Foni ya bambo wa mawu odekha inali yosapezeka. Mnzanga uja anayesa pa yake, chimodzimodzi. Tinaima pamenepo m'mbali mwa msewu wa ku Zobue, mathiraki akudutsa, aliyense akudikira kuti mnzake ayambe kulankhula. Pomaliza anandifunsa kuti ndinagulitsa chiyani. Nditamuuza, anati iye ng'ombe. Ndikuvomera kuti ndinamvako bwino pang'ono.

Kupolisi analemba zonse mwachifatse, koma nambalayo sinayankhenso.

Kunyumba mchemwali wanga sanakuwe. Zikanakhala bwino akanakuwa. Anangomvetsera, n'kunena kuti, "Achimwene, safunsa anadya phula," n'kutenga ndowa kupita kumjigo. Mphatso zinayenera kubwezedwa khomo ndi khomo, ndipo ntchitoyo anandipatsa ine. Ndalama za perekaniperekani zinali zitapita kale ku "viza", kotero ena ndinawalipira ndi ganyu. Mayi wamasiye uja analandira bulangete lake, n'kulinunkhiza, n'kundifunsa ngati ku Canada kunatentha. Nyengo yokolola itafika venda anabwera ndi lole ndi anyamata ake, ife tikuonerera pakhonde.

Ndinayesanso kamodzi kudziwombola. Ndinamva za ngongole ya boma ya ophunzira, ya bungwe la HESLGB lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2015, ndipo ndinathamanga kukauza mwana kuti ndalama zapezeka. Anandifotokozera modekha kuti ngongoleyo amapatsa munthu amene wapeza kale malo pa sukulu yovomerezeka, ndiponso kuti ndi ngongole, imabwezedwa. Za yunivesite zomwe si zaboma, monga ya Katolika ku Nguludi, anati mapointi ake akanamulowetsa, koma fizi yake inali m'manachesi aja.

Chaka chonsecho anakhala pakhomo, akuphunzitsa ana a oyandikana nawo madzulo. Zolengeza za ma TTC zitatulukanso analemba yekha, osandiuza. Ndinamva atasankhidwa kale, ndipo ndinamvera kwa mwana wa pa chigayo. Maphunzirowo ndi a zaka ziwiri, ndipo ndikudziwa kuti ambiri otsiriza kumeneko amadikira nthawi yaitali boma lisanawalembe ntchito. Nditati nditchule zimenezi, mwina ndiperekeko maganizo, mchemwali wanga anakweza dzanja.

"Achimwene, inu gawo lanu ndi matiresi. Mukawasiye pa siteji."

Ndinawasenza. Anyamata a kabaza pa siteji paja, amene tsopano sanditchula dzina lina koma "a Canada", anafunsa ngati matiresi amaloledwa m'ndege. Mlongo wake wa mtsikanayu ali Fomu 3 chaka chino, ndipo banja linagwirizana kale, ine ndili pomwepo, kuti zotsatira zake zikadzatuluka ndidzauzidwe mafomu onse atatumizidwa.