Inki Yosadziwika Bambo Ake

Okondedwa Alamu,

Kuno ku Johannesburg tilipo, kungoti chisanu cha mu June chikulowa mpaka m'mafupa.

Zithunzi zimene amayi akhala akuitanitsa zija ndatumiza pa basi yonyamukira ku Park Station. Paja za pa WhatsApp iwo saziwerengera, amafuna chopachika pakhoma kuti alendo aziona kuti mwana wawo ali ku Joni. Ndiye ndinagula printa yangayanga. Alamu, makina amenewa ali ngati mbuzi yogula motchipa koma yodya mpunga wokhawokha. Timabokosi ta inki timene amabwera nato timakhala tosadzaza, ndipo tikatha, mtengo wa tatsopano umangotsala pang'ono kufanana ndi wa printa imene.

Mnzanga wina wa ku Mangochi ndiye anandilondolera ku Fordsburg, kumene amagulitsa inki ya m'mabotolo a 100 ml, yosadziwika bambo ake. Ilipo yakuda, yachikasu, yabuluu ndi yapinki. Timaipopa ndi jakisoni n'kubaya m'kabokosi muja. Ine amene ndinkathawira m'chimanga pa tsiku la katemera, lero ndine dokotala! Zala zada bii, mpaka abwana anandifunsa ngati kwathu kuli chisankho.

Printayo imanyinyirika. M'kabokosi muli kachipu, ndiye pakompyuta pamabwera uthenga woti inki imeneyi si yapachibale. Ine ndimangodina OK, basi imagwira ntchito uku ikung'ung'udza. Ndalama zikupulumuka ndithu, moti Lamlungu anzathu a ku Mayfair amabwera kudzatsukitsa zithunzi za maukwati, n'kusiya kangachepe.

Koma ili ndi khalidwe lake. Ikakhala masabata osagwira ntchito, inki imauma m'timabowo. Tsiku limene ndinkasindikiza za amayi yapinki inali itatseka, n'chifukwa chake nkhope yanga yatuluka yobiriwira. Muwauze kuti sindikudwala, asavutike n'kupita kwa sing'anga. Galimoto ndatsamirayo ndi ya abwana, koma zimenezo zithere pakati pa inu ndi ine.

Chonde asakazipachike pakhonde. Inki imeneyi ndi dzuwa sizimwerana madzi: pofika Khirisimasi mudzapeza patsala galimoto yokha, ine nditazimiririka. Aziike m'felemu yagalasi, m'nyumba, kutali ndi windo.

Ya feteleza nditumiza pa Mukuru mwezi ukatha. Moni kwa onse.

Ndatha ine,
Mlamu wanu wobiriwira