Ulemu kwa Bwana Brahma, tambala wosadyedwa

Ng'ombe imakoka ngolo, galu amalondera usiku, mphaka naye amayesako za makoswe. Koma pali chiweto chimodzi chimene chinasandutsa mbuye wake wantchito, osamulipira ngakhale khobidi. Amenewa ndi Bwana Brahma, tambala wa pachionetsero, chimphona cholemera makilogalamu opitirira 5, chovala nthenga mpaka kuzala. Ntchito yawo ndi kuima, anthu n'kumawayang'ana. Tiwombe m'manja, abale, nzeru zotere sizipezekapezeka.

Ufumu wawo sunayambe dzulo. M'zaka za m'ma 1840 nkhuku zikuluzikulu zochokera ku China zitafika ku England ndi ku America, azungu anapenga nazo, mpaka Mfumukazi Victoria anali ndi zake. Mu 1849 mumzinda wa Boston munachitika chionetsero chachikulu, khamu la anthu n'kusiya ntchito kukaonerera nkhuku. Mu 1852 woweta nkhuku wina, George Burnham, anatumizira Mfumukaziyo nkhuku zisanu ndi zinayi, ndipo mitengo inakwera ngati si ya mbalame. Pofika 1873 anthu ophunzira anakhazikitsa bungwe la American Poultry Association, chaka chotsatira natulutsa buku limene lero limatchedwa American Standard of Perfection. M'menemo analemba mmene lipombo la tambala liyenera kukhalira, mtundu wa maso ake, kupindika kwa mchira wake. Mafumu angati amene maonekedwe awo anaikidwa m'buku la malamulo?

Kuti Bwana mmodzi abadwe, mwini khola amaswetsa anapiye ochuluka, n'kuwadyetsa onse miyezi ndi miyezi, kenako n'kupeza kuti uyu lipombo lapendekeka, uyo nthenga za m'khosi zasokonekera. Otsala ndi awiri kapena atatu. Buloyila amakhwima pa masabata asanu ndi limodzi n'kupita mumphika mopanda mwambo, koma a Brahma sathamanga, thupi lawo limadzaza bwino chaka chitadutsa, ndipo nthawi yonseyi matumba a chakudya akungotha. Achibale awo a Cochin ndi a Orpington ndiye anaposa: nthenga zinawachulukira kumbuyoku moti mwini wake amatenga sizasi n'kumeta tambala ndi thadzi lomwe, apo ayi mazira saswa. Inde, bambo wamkulu wa ndevu zake, kugwada m'khola kukonzera nkhuku ukwati. Thadzi nalo likati lifungatire, kulemera kwake nthawi zina limaphwanya mazira omwewo, ndiye bamboyo amagulanso makina oswetsera.

Chionetsero chikayandikira, Bwana amasamba. Osati m'fumbi ngati nkhuku wamba, ayi. Mabeseni atatu a madzi ofunda: loyamba la sopo, enawo otsukuluzira. Mwini wake amawagwira mapiko mwaulemu, kuwamiza mpaka m'khosi, kupukuta nthenga motsatira kumene zinagonera kuti ingathyoke ina. Mswachi wakale umalowa m'mamba a miyendo kuchotsa zitosi zouma. Zikhadabo ziwengedwe, mlomo usalazidwe, utitiri usakidwe m'khwapa monse. Akatero amawakulunga m'thaulo, mutu wokha uli pamtunda, diso lili psuu ndi ukali, kenako makina oumitsira tsitsi ayambe kulira. Zimenezi zimachitika kudakali masiku angapo kuti mafuta a m'nthenga abwerere. Ndipo Bwana, posonyeza kuti mwini mudzi ndani, amadikira mpaka zonse zitatha, n'kuponda chitosi chawo chomwe.

Za ulendo ndiye musanene. Nkhuku yathu imapita kumsika itamangidwa miyendo ndi luzi, mutu uli pansi pa chiwongolero cha njinga, osadandaula. A Brahma amakwera galimoto m'bokosi lawolawo, loyalidwa utuchi, lotalika kuti mchira usakhudze denga. Ku America ambiri amayenera kukhala ndi chikalata choti magazi awo anayezedwa matenda a pullorum. Mwini wake amayendetsa usiku wonse, kuima panjira kuwapatsa madzi, kuchepetsa liwiro pokhota, iye ali ndi njala. Akafika, aliyense m'chikwere chake, pakuti atambala awiri salira m'khola limodzi, koma m'holo imodzi amalira mazanamazana, kuyambira m'bandakucha, aliyense kutsutsa mnzake.

M'mawa lipombo lipakidwe mafuta kuti liwale. Woweruza, atavala chikhoti chake, amawatulutsa mutu patsogolo, kutambasula phiko, kupapasa chifuwa, kusuzumira kumapazi. Mphindi zochepa chabe, chaka chonse cha thukuta chagamulidwa. Akapambana, mphoto yake kawirikawiri ndi kansalu ka riboni, kamene sikangagule ngakhale thumba la chakudya. Akalephera, Bwana alibe nazo ntchito, amene sagona tulo ndi mwini wake. Zaka zina chimfine cha mbalame chikabuka boma limaletsa zionetsero, monga zakhala zikuchitikira ku Britain ndi ku America, ndiye Bwana amangokhala pakhomo, osambitsidwa kale, n'kumadya.

Ife kuno tili ndi msuweni wawo, koma anatichititsa manyazi. Nkhuku yakuda ya Mikolongwe, imene boma lakhala likuswetsa ku Chiradzulu n'kugulitsa kwa alimi, dzina lake lenileni ndi Black Australorp. Inakonzedwa ku Australia kuchokera ku Orpington yakuda imene William Cook anatulutsa ku England mu 1886. Magazi achifumu enieni! Koma taonani zimene imachita: kuikira mazira, kupalasa kudzala, kulimbana ndi chitopa, kenako kugwidwa mlendo akafika. Ku Australia thadzi lina la mtunduwu linaikira mazira 364 m'masiku 365, ngati kuti wina analiuza kuti ulemu umabwera ndi khama.

Choncho inu amene mukuganiza zoweta a Brahma, musamvere onyoza amene amafunsa kuti nyama yake mudzadya liti. Simudzadya. Gulani thaulo lachiwiri, uzani ana kuti beseni lalikulu lija si lawonso, ndipo alendo akabwera muwaphikire nyemba.