Ikulira Bwanji, Bwana?

Makaniko wa ku Biwi kapena ku Ndirande sathamangira kutsegula boneti. Amayamba wafunsa: "Ikulira bwanji, bwana?" Apa mpamene bambo wa ulemu wake, tayi ali pakhosi, amasanduka woimba.

Bambo wina anatukula khosi n'kuti, "Ndikangoponda mafuta m'mawa imati kwiiiii!"

"Sindinamve bwino, bwana. Tabwerezani."

Anabwereza. Makaniko anaitana anyamata ake: "Tabwerani mumve, si mukuti mukuphunzira ntchito inu?" Bambo uja anaimbanso kachitatu, mpaka mayi wogulitsa mandasi pafupi anaomba m'manja. Ndiye makaniko anati, "Ndi fanibeluti, bwana. Ndinaimva kale mukukhota pageti paja."

Ananena zoona. Lamba ameneyu ndiye amazunguza alitaneta yochajira batire, ndipo akakhwefuka kapena akatha amaterereka n'kumalira. Kumukunga kapena kugula watsopano, nkhani yatha. Koma ali ndi kachinyengo kake: injini ikatentha, nthawi zambiri amakhala chete. Mayi wina anachoka ku Chilomoni mpaka ku Limbe kukaonetsa galimoto yake, pofika pagalaja ili zii. Anazungulira nayo kawiri, ziii. Makaniko n'kutambasula dzanja.

"Ndilipire chiyani poti simunagwire kanthu?"

"Mayi, yandiona yaopa. Nkhope iyi si yaulere."

*

Mu Sienta yodzaza mpaka kubuti, agogo ena anatchera khutu. Dalaivala akamakhota uku akuponda mafuta, pansi pankamveka ta-ta-ta-ta.

"Mwana wanga, akugogoda pansipa ndani?"

Dalaivala anakweza wailesi mpaka magalasi kunjenjemera. "Mukumvanso, agogo?"

"Ukuti chiyani?"

"Basi, takonza."

Wogogodayo ndi CV, mfundo yomwe imapereka mphamvu ku tayala lakutsogolo. Labala woiphimba akang'ambika, girisi amatayika, mchenga n'kulowa, ndipo mchenga m'misewu yathuyi sitichita kuitanitsa. Tsiku lomwe imaduka, injini imabangula bwinobwino koma galimoto osasuntha, ndipo okankha amakhala omwe analipira kale aja.

*

Mnyamata wina wa ku Zingwangwa anagunditsa ekizozi ya Vitz yake pa hampu, n'kubooka. Kagalimoto kaja kanayamba kubangula, iye n'kukondwa. Anzake ankamuuza kuti akawotcherere, utsi ungamalowe m'kati, ndipo utsi umenewo umapweteketsa mutu, pena kupha kumene ngati mawindo ali otseka. Iye ayi, akuti ikumveka ngati ya mpikisano.

Loweruka lina anafika pakhomo usiku kwambiri, nsapato zili m'manja, akuyenda monyang'ama. Anapeza akazi ake ali tsonga pabalaza.

"Ndachedwa kuntchito, mayi a mwana."

"Ntchito yake iti? Galimoto yanu ndinaimva ikuima pabala ija 7 koloko. Yalizidwanso 11 koloko, yapita kumtunda, yaimanso. Kumtundako kuli ofesi?"

Lamulungu m'mawa, anzake akupita kutchalitchi, iye anali atagwada kale kwa wowotcherera.

*

Mafuta akasowa, mizere n'kutalika pamalo omwetsera, anyamata a zigubu amatulukira, aliyense akulumbira kuti wake ndi petulo weniweni. Bambo wina anathira malita 10, koma atafika pachitunda injini inayamba ngwe-ngwe-ngwe, ngati misomali m'chitini. Petulo wosakaniza ndi palafini amaphulika nthawi isanakwane, ndiye kugogodako, ndipo mukakakamira mapisitoni amawonongeka. Ine ndimati bola kugona pamzere kusiyana ndi kugula injini ina.

Makaniko anatsegula pothirira mafuta, ananunkhiza, n'kuyetsemula.

"Bwana, mwabwera kudzakonzetsa galimoto kapena koloboyi? Ngati ndi koloboyi, ingogulani chingwe."

*

Amene anandimvetsa chisoni ndi mphunzitsi wina wopuma pantchito. Probox yake inachokera ku sevisi ili ndi kaphokoso katsopano: akanyamuka, gu! Akaponda buleki, gu! Makaniko sanafunse n'komwe kuti imalira liti, kaya pokhota, kaya pachitunda, kaya injini isanatenthe, pomwe funso limeneli ndilo theka la ntchito. Anangoti ndi mauntingi, malabala omwe injini imakhalapo. Zikanatheka ndithu, chifukwa akaduka injini imadumpha ponyamuka. Aphunzitsi anagula. Gu! Akuti ndiye mabushi. Anagula. Gu! Akuti mwina mashoko. Penshoni ya mwezi umenewo inatsala ku shopu ya masipeya.

Tsiku lachiweruzo, kamnyamata kophunzira ntchito kanalowa pansi, kanapisa dzanja pachivundikiro cha pansi pa injini, n'kutulutsa sipana ya namba 10.

Makaniko anailanda mwansangala. "Sipana yanga! Mwezi wathunthu ndikuwadula malipiro anyamatawa, ndimati aba!"

Aphunzitsi anavula magalasi, n'kuwavalanso. "Nanga ndalama zanga zonse zija?"

"Masipeya ndi anuanu, madala, mukuyendera. Chatsala n'chimodzi chokha. Sipanayi mwayenda nayo mwezi wonse osapempha, koma poti ndinu kasitomala wathu, mungopereka ya sabata ziwiri."