Rodibuloko ya mu laputopu

Pa Balaka munthu sagwira ntchito yekha. Ukangogwada kuti ubwezeretse tcheni ya njinga, anthu akuzungulira kale, wina n'kumakuuza kuti vuto ndi tayala.

Ndiye taganizirani za mnyamata wa makompyuta amene bungwe lina losunga ndi kubwereketsa ndalama linamuitanitsa kuchokera ku Liwonde. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, komiti inakweza chindapusa cha obweza ngongole mochedwa. Chodabwitsa, chindapusacho chinkaluma ena, ena n'kumawalambalala. Amene analemba pulogalamu ya pakompyuta ya bungweli anapita ku Joni kalekale, ndipo nambala yake siikupezeka.

Mnyamata anatsika minibasi malaya atanyowa ndi thukuta, n'kutsegula laputopu pa tebulo la amayi osunga chuma. Pulogalamuyo ndi ya Java, koma malamulo a ngongole anawaika padera m'mafayilo a Drools, momwe lamulo lililonse lili ndi mbali ziwiri: yonena kuti zinthu zikakhala zakuti, ndi yonena chochita. Anaika breakpoint, kadontho ka buluu m'mphepete mwa mzere. Ntchito yake ndi ya rodibuloko ya pafupi ndi mlatho wa Shire: pulogalamu ikafika apo iime, uone zimene yanyamula. Koma iyi inangodutsa ngati galimoto ya bwana wamkulu, osachepetsa n'komwe liwiro.

"Achimwene, mwayesa kuizimitsa n'kuiyatsanso? Ifetu timatero," anatero amayi osunga chuma.

"Ndi netiweki imeneyo, bwana," anatero mlonda ali pawindo. Kwa iye ngakhale mvula ikachedwa ndi netiweki.

Mesenjala anati makina aku Ulaya sagwirizana ndi dzuwa la Balaka, n'kuyamba kukupizira laputopuyo ndi faelo ya mamembala. Abambo ena a ku Ulongwe, amene anabwera kudzatenga ndalama ya feteleza, anafunsa ngati mtsikana amene anachotsedwa ntchito chaka chatha anachoka ndi mtima wabwino, pakuti zinthu zina sizioneka ndi maso. Mnyamatayo ankayankha aliyense kuti "Zikomo, ndamva." Anaizimitsadi laputopu n'kuiyatsanso, akudziwa bwino kuti n'zopanda pake. Kuno munthu wamkulu akakulangiza umayamba wachita, kenako n'kumafufuza zako mwakachetechete.

A tcheya anafika dzuwa lili paliwombo, makiyi a galimoto ali kuchala. "Wafika pati, mwana wanga? Wa ku Blantyre bwenzi pano atamaliza." Wa ku Blantyre uja anamukana okha atamva mtengo wake.

Vuto linali pawiri. Kadontho kanali pa mbali yoyamba ya lamulo, pomwe Drools siimapo, chifukwa zoyenereza zonse imaziyerekeza pamodzi mwa njira yakeyake osati mzere ndi mzere. Imaima pa mbali ya zochita yokha, ndipo mu Eclipse, chida cholembera ndi kuyesera mapulogalamu, uyenera kuiyambitsa ngati pulogalamu ya Drools, osati ya Java wamba. Chachiwiri n'chimene chinamudyera nthawi: fayilo imene ankasuzumiramo sinali imene sisitemu imawerenga. Mkulu wa ku Joni uja anasiya mafayilo ambirimbiri, ina "malamulo", ina "malamulo atsopano", ina "atsopano enieni", inanso "osakhudza". Yogwira ntchito inali "osakhudza".

Atasuntha kadontho, pulogalamu inaima njii. Ofesi yonse inaunjikana kumsana kwake, mlonda nayenso atasiya geti pululu. Pa sikirini panaoneka lamulo limene silinalembedwe m'buku lililonse la bungwe: membala akakhala wa nambala izi, chindapusa chikhale ziro. Manambalawo anali anayi.

Pa Balaka nambala ya membala ndi dzina. Mesenjala, amene amayenda ndi makalata a ngongole, anayamba kuwerenga mokweza asanaganize. Yoyamba inali ya alamu awo a tcheya. Yachiwiri ya mayi a kunyumba kwa a tcheya. Yachitatu ya mayi ena a ku Mangochi Turn-off amene a tcheya amati ndi msuweni. Atafika pa yachinayi, amayi osunga chuma anakumbukira kuti anasiya ndiwo pamoto.

A tcheya anakhosomola. "Mwana wanga, kadontho kakoka sikangationongere kompyuta ya bungwe?"

"Ayi bambo, kamangoimitsa basi."

"N'chimene ndikunena. Anthu akudikira ndalama panjapa, iwe ukuimitsa ntchito. Kachotse. Nkhani iyi ndi ya komiti."

Abambo a ku Ulongwe anapempha kuti nambala yawo aionjezerepo, popeza malo akuoneka kuti alipo. Mnyamata anaguliridwa Fanta wofunda ndi mandasi awiri, n'kupatsidwa ya minibasi yokha. Yotsalayo anamuuza kuti adzaitenge Lachisanu, chifukwa lero sisitemu ikuvuta.