Malangizo kwa Wobwera ndi Satifiketi ya Maluwa ku Lusaka

Mnyamata amene makolo ake agulitsa puloti kuti akaphunzire kukongoletsa mabwalo ku England asachite manyazi anthu akamamuseka, chifukwa Lusaka yeniyeniyo inayamba choncho. Mu 1931 Pulofesa Stanley Adshead wa ku London anajambula pulani ya likulu latsopano la Northern Rhodesia potengera maganizo a Ebenezer Howard, akuti mzinda uzikhala pakati pa minda, ndipo mu 1935 boma linasamuka ku Livingstone. Misewu yotakata ndi mitengo yamthunzi zinapita kumene kunkakhala azungu. Antchito awo anapatsidwa tinyumba tozungulira tonga tomwe tatsala ku Kabwata Cultural Village. Mnyamatayo akungopitiriza mwambo, kusiyana kwake n'koti iye abwera pa ndege.

Akafika kunjako asataye nthawi. Ajambulitse ku Kew Gardens, ajambulitsenso ku Chelsea Flower Show mu Meyi, ndipo ndalama zikalola adumphire ku Keukenhof ku Netherlands, kumene amabzala maluwa mamiliyoni ambiri kuti anthu awaone kwa milungu pafupifupi 8 yokha. Zithunzizo zipite pa Facebook tsiku lomwelo. Aloweze mayina a Chilatini, chifukwa chitsamba chikakhala ndi dzina lovuta kutchula mtengo wake umakwera. Ku Kirstenbosch, ku Cape Town, asapiteko: n'kufupi kwambiri, ndiponso kuyambira 1913 iwo amalimbikira zomera zakwawo komweko, khalidwe lomwe lingamusokoneze. Mphunzitsi akamasimba za Lancelot Brown, yemwe ankakumbira mabwana a ku England nyanja zonse m'mabwalo mwawo, wophunzira wanzeru safunsa kuti madziwo ankachokera kuti.

Pobwerera asankhe Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, jakaranda atafiirira m'misewu ya ku Woodlands. Alendo akafunsa, anene kuti ndi mtengo wa makolo athu. Palibe amene adzakumbuke kuti unachokera ku South America.

Kasitomala woyamba adzakhala ku Kabulonga, kuseri kwa mpanda wa njerwa wautali, wokhala ndi waya wamagetsi pamwamba. Apa pali mwayi waukulu: munda umene adzapange sudzaonedwa ndi munthu aliyense kupatula mwini nyumba, mlonda ndi agalu awiri. Alangize kapinga, kuyambira pageti mpaka kukhitchini. N'zoona kuti ku Lusaka mvula imaleka cha mu Epulo n'kudzabweranso mu Novembala, koma adona ali ndi chitsime chobowola, ndipo chitsimecho chili ndi pampu. Pampuyo imafuna magetsi. Mu 2024, boma litalengeza pa 29 Febuluwale kuti chilala chasanduka tsoka la dziko lonse, madzi a ku Kariba anachepa mpaka magetsi ankazima pafupifupi tsiku lathunthu. Katswiri wophunzira kunja sagwa nazo mphwayi zoterezi. Amauza adona kuti agule sola, kenako amalemba invoisi yachiwiri.

Pabwalopo adzapeza bambo wachikulire wovala ovolosi ndi majombo, amene wasamala maluwa a nyumbayo kuyambira ana a adona ali kumkaka. Bamboyu amadziwa ngodya imene chiswe chimatulukira, amadziwa kuti manyowa a nkhuku osapsa amawotcha mizu, amadziwanso kuti lole ya dothi lakuda imene yangotsitsidwa kumene ndi yakuda pamwamba pokha. Wophunzira asamufunse kanthu adona akuona. Adikire galimoto ituluke, amutsatire kuseri kwa thanki, avule chipewa, ayambe ndi "Atate, mundithandizeko." Zimene amve kumeneko azilembe m'Chingerezi n'kuzipereka mawa lake ngati zotsatira za kafukufuku.

Mbande akagule m'mphepete mwa msewu, kwa amayi amene amaika timitengo m'timapepala takuda ta pulasitiki ndi m'zigubu zodula pakati, n'kumathirira ndi chitini chobowola pansi. Mayiyo amangoyang'ana tsamba n'kunena kuti aka kamafuna mthunzi, ako kafa sabata isanathe. Maphunziro amenewa ndi aulere kwa aliyense wogula mbande ziwiri, n'chifukwa chake alibe ulemu.

Ku Chelstone nkhani ndi ina. Landilodi wa kumeneko safuna maluwa, amafuna mapeva, bwalo lonse simenti mpaka pamzere wa mpanda, kuti alendi asadandaule za matope. Wophunzira avomere msanga, angopempha kuti pakati asiyepo kabowo ka mtengo umodzi wa kanjedza. Lusaka yakhala pa mwala wa laimu umene umamwa mvula n'kuisunga pansi, ndipo zitsime zonse zija zimatunga momwemo. Madzi akalephera kulowa pansi amapita kwa neba, kuchoka apo mumsewu, ndipo a ku Kanyama amadziwa kumene amathera. Ngakhale nkhalango ya Forest 27, imene imadyetsa mtsinje wa Chalimbana, inadulidwa mapuloti. Kwa wokongoletsa mabwalo, amenewo ndi makasitomala atsopano.

Choopsa chenicheni chili ku Kabwata, kwa agogo ake. Kuseri kwa nyumba kuli repu, kalembula, chibwabwa choyanga pampanda ndi mtengo wa mango umene umadyetsa ana a mzere wonse, zonsezo zikukula ndi madzi otsukira mbale. Kunja kuja anamuphunzitsa zomwezi chaka chomaliza, ndi dzina lalitali ndi mayeso ake. Asawauze agogowo. Angafunse kuti nanga puloti ija inagulitsidwiranji, pamene koleji ya zaulimi ya NRDC ili pa Great East Road pomwepa, ulendo wa minibasi imodzi kuchokera m'tauni.

Mu Disembala, nyengo yobzala mitengo ikamatsegulidwa, avale suti, aime pafupi ndi mlendo wolemekezeka, agwire fosholo yomanga riboni. Abzale mlombwa kapena msuku, awutchule m'Chilatini atolankhani alembe. Wodzathirira mtengowo mu Ogasiti sanalembedwe pa pulogalamu ya mwambowo.